Manda a Asilikali pa Boma la Mangochi

Aliyense amene adapondapo pa boma la Mangochi amaidziwa nsanja ya njerwa ija yokhala ndi wotchi, imene idamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo ambiri adaimapo patsinde pake, pafupi ndi mzinga wakale umene udakhazikidwa pamenepo, podikira galimoto yoti iwawolotse Shire kunka ku Malindi kapena ku Namwera. Koma ndi owerengeka amene adapatukapo kulowa m'manda akale a tauniyi, momwe mwaima miyala yofanana msinkhu ndi maonekedwe, ya anthu amene adatsirizika pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Chimene chimazizwitsa munthu woganiza n'chakuti m'zaka zonse zinayi za nkhondoyo, pa Mangochi sipadamenyedwe nkhondo ndi tsiku limodzi lomwe: mdani sadaponde padoko pano ali ndi mfuti m'manja, ndipo palibe denga limene lidapsa ndi moto wa Mjeremani. Tsono wofuna kumvetsa chimene chidawagoneka anthu amenewa m'dothi lino, kutali chotere ndi kwawo, ayenera kuyamba wafunsa chimene tauniyi idamangidwira, pakuti mandawa adabadwa ndi doko, ndipo nkhani ya doko imayambira kwa Mponda.

Pamalo pamene nyanja imatsanulira madzi ake mu Shire, Namalenga adaikapo chipata, ndipo kuyambira kale wogwira chipatacho ndiye ankalamulira zonse zokwera ndi zotsika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mwini chipata adali Mponda, mfumu ya Chiyao, amene mudzi wake udali kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje, pamene amalonda a minyanga ndi akapolo ankawolokera pa ulendo wawo wa kunyanja yamchere. David Livingstone adadutsa m'dera limeneli mu 1859. Ndipo mu 1875 sitima ya amishoni yotchedwa Ilala idapempha njira kwa Mponda isanalowe m'nyanja kukamanga ku Cape Maclear, kumene malungo sadachedwe kuwapeza, kotero kuti manda a Dr William Black, amene adamwalira mu 1877, pamodzi ndi a anzake ena, ndiwo adayamba kuchitira umboni kuti gombe lino silikomera alendo mtima. Mu 1891, dziko litangolowa m'manja mwa Angerezi, Harry Johnston adafika ndi Kapiteni Cecil Maguire ndi asilikali a mtundu wa Sikh ochokera ku India, namanga linga kutsidya la kum'mawa, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, nalitcha Fort Johnston. Maguire sadachione chaka chatsopano, pakuti m'mwezi wa Disembala adaphedwa m'madzi pa gombe la Makanjira, pamene ankafuna kuwononga zombo za mfumuyo. Jalasi, amene adamanga pa phiri la Mangochi, adalimbika kufikira 1895. Mfuti zitaleka kulira, ndipo ataona kuti malo oyamba aja adali otsika ndi odwalitsa, azungu adasamutsira boma lawo kutsidya lino, pamene tauni ili lero, nayamba kulambula misewu, kumanga maofesi, ndi kupatula malo ogonekapo akufa awo.

Ulemerero wa Fort Johnston udali m'sitima. Pano ndi pamene padali likulu la sitima za boma, ndipo pano ndi pamene mu 1899 amisiri adatsiriza kulumikiza zitsulo za Guendolen, sitima yankhondo imene idachokera ku England ili zidutswazidutswa. Patangopita zaka ziwiri, mu 1901, amishoni a UMCA nawo adakankhira m'madzi Chauncy Maples kwa Mponda konkuno. Ajeremani, amene ankalamulira tsidya la Tanganyika, adali ndi yawo, Hermann von Wissmann, imenenso idalumikizidwira pa mtsinje wa Shire womwewu mu 1893 kuti izithandiza kuthetsa malonda a akapolo. Oyendetsa sitima ziwiri zankhondozi, Edmund Rhoades wa Guendolen ndi Berndt wa Wissmann, adali mabwenzi odyera m'mbale imodzi. Koma dziko la Britain litalengeza nkhondo pa 4 Ogasiti 1914, lamulo lidachoka ku Zomba, kwa Bwanamkubwa George Smith, lakuti Rhoades akathane ndi sitima ya bwenzi lakelo. Ndipo masabata awiri asanathe adaipeza ili pamtunda ikukonzedwa pa Sphinxhafen, pamene lero pamatchedwa Liuli, naiwombera. Amasimba kuti Berndt, amene mbiri ya nkhondo idali isanamfike, adapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, ndipo atakwera m'sitimamo adauzidwa kuti ndi mkaidi. Nkhani imeneyi anthu amakonda kuikamba moseka, koma ine ndimaona kuti tsiku limenelo ndilo lidakumba manda a ku Mangochi. Pakuti nyanja yonse itagwa m'manja mwa Angerezi, idasanduka msewu waukulu wa nkhondo, ndipo msilikali aliyense, thumba lililonse la mpunga, ndi bokosi lililonse la zipolopolo zolunjika kumpoto zidayenera kupanikizana pa doko limodzi lino, monga chimanga chimapanikizirana pakhosi pa chigayo.

Zidayamba msanga. M'masabata oyamba omwewo asilikali a King's African Rifles, amene anthu ankangoti a Keyala, adatsika kuchokera ku Zomba kudzakwera sitima pano, ndipo pa 9 Seputembala 1914 adakomana ndi Ajeremani ku Karonga, kumene mwazi wa ana a dziko lino udakhetsedwa. Mbiri ya maliro amenewo ndiyo idautsa mtima wa John Chilembwe ku Mbombwe, kuti alembe kalata yodandaula kuti anthu osauka akuitanidwa kukafera mlandu umene saudziwa, nasiya akazi amasiye ndi ana opanda wowalera. Kalatayo boma lidaitsekereza, ndipo zimene zidatsata mu Januwale 1915 n'zodziwika kwa mwana wasukulu aliyense. Koma mtolo weniweni udagwera Fort Johnston mu 1916, pamene Jenerali Edward Northey adasonkhanitsa khamu la asilikali a ku Nyasaland, ku Rhodesia ndi ku South Africa kuti alowe m'dziko la Ajeremani kuchokera kumwera. Pakuti khamu lotere limadya tsiku ndi tsiku, limatha nsapato, limatha mankhwala ndi zipolopolo, ndipo zambiri mwa zimenezi zidayenera kuchokera kunyanja yamchere.

Njira yake idali yaitali ndi yokhotakhota. Katundu ankatsika m'sitima zikuluzikulu ku Chinde, nakwera sitima zing'onozing'ono za pa Zambezi kufikira ku Chindio. Kuchokera apo njanji, imene idali itangofikako mu 1915, inkamunyamula kudzera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, mpaka ku Limbe. Kumtunda kwa Blantyre kudalibe njanji. Zikadakhala zaka za m'mbuyomo, katundu akadatsikira kumtsinje n'kukwera ndi madzi. Koma m'masiku amenewo nyanja idali itaphwa koposa, mchenga ndi mabango zidatseka pakamwa pa mtsinje, ndipo Shire wakumtunda sadayendenso bwino kufikira 1935. Motero mtunda wonse wa mamailosi oposa 100, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, udatsalira magalimoto ochepa, amene ankatitimira m'matope dzinja lililonse, ndi mitu ya anthu. Ngakhale pofika pa Fort Johnston ntchito idali isanathe, popeza sitima zinkaima kunja, kuseri kwa mchenga wa pakamwa pa nyanja, ndipo katundu ankayenera kukazipeza komweko. Guendolen, Chauncy Maples imene boma lidaitenga kwa amishoni, ndi Queen Victoria ya kampani ya Mandala zinkanka kumpoto zitadzaza anthu amphamvu ndi katundu, n'kubwerako ndi odwala.

Mitu ya anthu ija ndiyo idasenza nkhondo. Olemba mbiri, monga Melvin Page amene m'zaka za m'ma 1970 adayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zidaona ndi maso, amawerengera kuti dziko lino, limene anthu ake panthawiyo adangopitirira pang'ono miliyoni imodzi, lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000. Poyamba ena ankapita okha pofuna ndalama ya msonkho. Koma mbiri ya imfa itamveka, odzipereka adatha, ndipo boma lidayamba kufinya mafumu, mafumu nafinya anyakwawa, mpaka apolisi adayamba kuzinga midzi usiku, kugwira amuna ali m'tulo, ndi kusunga akazi a amene athawira kuthengo kufikira amuna awowo atatulukira. Tiyerekeze munthu mmodzi wa kwa Chimwala kapena kwa Nankumba, msodzi amene dzulo lake ankasoka ukonde pamchenga. Lero wamusenzetsa bokosi la mapaundi 50 kapena 60. Wapota nkhata ya udzu naiika pamutu. Kapitawo ali pambuyo ndi chikoti. Amanyamuka kusanache kuti akafike pa msasa wina dzuwa lisanawawe, mapazi ali pansi, ndipo madzulo amalandira phoso la ufa kapena mpunga, limene amaliphika mothamanga ndi nkhuni zonyowa, nalidya losapsa, namwera madzi a pachithaphwi pamene adutsa kale anthu mazanamazana. Pakutha masabata angapo m'mimba mwatseguka, magazi ayamba kutuluka, mapewa ndi mapazi zachita zilonda. Ndipo tsiku limene miyendo yakana, bokosi amalisenzetsa wina, ulendo n'kupitirira, iye n'kutsala pambali pa njira.

Chakumapeto kwa 1917 nkhondo idayandikira. Pa 25 Novembala mkulu wa asilikali a Chijeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adawoloka Ruvuma nalowa m'dziko la Apwitikizi, ndipo Fort Johnston, imene kufikira pamenepo idali njira yonkera kumpoto, idasanduka khomo loyang'ana kum'mawa: magulu a asilikali ankatsika m'sitima pano, nawoloka Shire, nakwera chitunda cha Namwera kukasaka mdani m'nkhalango za tsidya ilo, ndipo adamthamangitsa chaka chathunthu osamgwira, kufikira adadzipereka yekha ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918, nkhondo ya ku Ulaya itatha kale masabata awiri. M'miyezi imeneyo katauni kakang'onoka kadadzaza mahema, nkhokwe za katundu, ndi odwala. Pa nkhondo ya kuno kwathu matenda adapha anthu ochuluka kuposa chipolopolo, ndipo m'chigwa chotentha ngati cha Mangochi, kamwazi, malungo, ndi malungo aja okodzetsa mkodzo wakuda amene azungu ankawaopa koposa, sankasankha kuti uyu ndi kapiteni, uyu ndi woyendetsa galimoto. Pamwamba pa zonsezo, nkhondo ili kutha, padadza chimfine choopsa cha 1918, chimene chidatsata njira zomwezo za katundu, nichilowa m'misasa, nichiperekeza obwerera kwawo mpaka kukafika nawo m'midzi. Amenewa ndiwo magwero a miyala ya m'manda a Mangochi: anyamata akutali, amene ena adatsitsidwa m'sitima ali pamachira, ena adadwalira pompano pa ntchito yosamala katundu, namwalira pabedi, makolo awo asakudziwa n'komwe kuti Fort Johnston ili chakuti.

Miyala imeneyi siidaikidwe ndi abale awo. Mu 1917, nkhondo ili m'kati, mwa khama la munthu wina dzina lake Fabian Ware, kudakhazikitsidwa bungwe la Imperial War Graves Commission, limene kuyambira 1960 limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, ndipo malamulo ake adali olimba, komanso okoma: mtembo wa msilikali usanyamulidwe kubwerera kwawo, koma agone m'dziko limene adagweramo, aliyense akumbukiridwe ndi dzina lake, ndipo mwala wa mkulu wa nkhondo usapose wa msilikali wamba, wa mwana wa wolemera usapose wa mwana wa mmphawi, posayang'ana mtundu kapena chipembedzo. N'chifukwa chake mwala wa bungweli ndi umodzimodzi pafupifupi kulikonse, kaya ndi m'Malawi muno, kaya ndi ku France. Ukauweramira, umaona pamwamba chizindikiro cha gulu lake la nkhondo chitazokotedwa, pansi pake nambala, udindo, dzina ndi tsiku la imfa, kenaka mtanda, ndipo pa miyala ina, m'munsi pafupi ndi dothi, mawu ochepa amene banja lidasankha, amene bungwe lidati asapose zilembo 66. Mawu amenewo adasankhidwa ndi mayi kapena mkazi amene ankadziwa kuti phazi lake silidzaponda pamalopo. Ine sindingaime pa mwala wotere osagwidwa chisoni, ndipo sindivomerezana nawo amene amati awa ndi manda a atsamunda, alekeni amere thengo. Abrahamu, pokhala mlendo ku Hebroni, adapempha eni dziko malo oikamo Sara, ndipo eni dziko sadam'mane. Makolo athu nawonso, ngakhale asanamve za Abrahamu, mlendo akafera pamudzi ankamuika mwaulemu, podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma ulemu womwewo ndi umene umatiumiriza kufunsa za amtengatenga aja. Kwa Anyanja a m'mbali mwa nyanja ino, monganso kwa Achewa onse, manda si dzenje lotayamo mtembo, koma mudzi wachiwiri wa mbumba: mfumu ndiyo imapereka chilolezo, adzukulu ndiwo amakumba, msitu wake sulowedwa chisawawa, ndipo pa mlandu wa malo, wotha kuloza pamene adagona agogo ake ndiye amamveka mawu. Kwa abale athu Achisilamu, amene ndiwo ochuluka m'boma lino, womwalira amasambitsidwa, navekedwa sanda, nanyamulidwa pa jeneza, shehe natsogolera mapemphero, ndipo amamgoneka nkhope italoza ku Makka. Pakatha masiku 40 abale amasonkhananso kuchita sadaka. Maliro n'kulirana, adatero akale. Tsono talingalirani mudzi umene amuna ake adatengedwa usiku umodzi, ena n'kubwerako ali mafupa okhaokha, ena osabwerako. Mkazi sadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye. Kumeta sangamete, pakuti palibe amene adaona mtembo. Kukwatiwanso sangakwatiwe, pakuti mwina mwini nyumba ali m'njira. Amangolima yekha, nayang'ana kunjira, kufikira tsiku limene mnzake wina wobwerako adzakhala pakhonde, nawerama, nanena kuti tidamsiya akudwala pa msasa wakuti, kuseri kwa Namwera. Mabuku a boma adavomera kuti amtengatenga a dziko lino oposa 3,000 adafa, koma olemba mbiri amagwirizana kuti chiwerengerocho n'chochepa, popeza sichidawerenge othawa amene adafera m'tchire, ngakhale omasulidwa ali odwala amene adakatsirizikira pakhomo.

Asilikali a Keyala adapezako chikumbutso, ndicho nsanja ya ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pamene maina awo adalembedwa, ndipo mwezi wa Novembala chaka ndi chaka akuluakulu a dziko amakaikapo nkhata zamaluwa. Amtengatenga sadapeze mwala, ndipo sikuti adangoiwalika mwangozi. M'zaka za m'ma 1920 akuluakulu a bungwe la manda lija, pamodzi ndi a maboma a atsamunda m'maiko a mu Africa, adapangana kuti sikofunika kusunga manda a anthu akuda mmodzimmodzi, ena mwa iwo nanena poyera kuti anthu otere sadafike pozindikira tanthauzo la mwala wa pamanda, ndi kuti kutero n'kutaya ndalama. Ndipo mawu amenewo ankanenera anthu amene sadula mtengo wa kumanda ngakhale nkhuni zitasowa m'mudzi. Choonadi chidakhala chobisika m'makalata a bungwelo kufikira Pulofesa Michèle Barrett atachifukula, ndipo phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain, David Lammy, atachionetsa pa kanema mu 2019. Kafukufuku amene bungwelo lidatulutsa mu Epulo 2021 adapeza kuti anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000 adakumbukiridwa mosiyana ndi azungu, ndi kuti ena osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kuno kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sadalembedwe maina awo pena paliponse, kapena sadakumbukiridwe konse. Pa 22 Epulo chaka chomwecho nduna ya zachitetezo ya dzikolo, Ben Wallace, idaimirira m'nyumba ya malamulo ndi kupepesa. Kupepesako ndikulandira, pakuti wovomera mlandu wachepetsa mlandu. Koma padali patapita zaka zoposa 100, ndipo akazi amasiye aja adali atagona onse.

Anthu a m'boma lino adaisunga nkhondoyo mwa njira yawo. Obwerako adadza ndi gule wa beni, amene adayambira m'matauni a Aswahili monga Mombasa ndi Lamu, nafalikira pamodzi ndi asilikali, ndipo Ayao a kuno adamulandira namuyesa wawo kufikira lero. Woonera beni ku Mangochi amaona amuna ovala makhaki ndi zipewa za usilikali, mamendulo ali pachifuwa, mizere ya udindo ili pamkono, wezulo akulira, ng'oma zikuyankha, mapewa akunjenjemera, mapazi akuguba m'fumbi, akazi akuthira mang'ombe. Ndipo ngakhale ovinawo ndi zidzukulu za zidzukulu, perete wa 1918 adakali m'matupi mwawo. Tauni yokha idatsika ulemerero. Njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, katundu wa kumpoto adasiya kudzera pano, ndipo pambuyo pake sitima zidapeza kwawo ku Monkey Bay, kumene Ilala yachiwiri idalowera m'madzi mu 1951. Guendolen idakalamba niphwasulidwa, mzinga wake nukhazikidwa patsinde pa nsanja, ndipo za moyo wake zimaonetsedwa m'nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum. Pa nkhondo yachiwiri ana a m'midzi yomweyi adalembedwanso Keyala, nakafika ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idamira chakumpoto kwa nyanja ndi anthu 145, ndipo chikumbutso chawo chili pafupi ndi nsanja yomweyo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Johnston lidachotsedwa patapita zaka zingapo, tauni nitenga dzina la phiri limene Jalasi adakanirapo. Maboma adasintha, maina a misewu adasintha, koma bungwe lija silidaleke kusamala miyala yake, ndipo pa chimenechi liyenera kutamandidwa.

Ntchito yofunafuna maina otayika idayambika. Mu Januwale 2025, ku Cape Town, bungwelo lidatsegula chikumbutso cha anthu akuda oposa 1,700 a ku South Africa amene adafa pa ntchito ya nkhondo yomweyi, aliyense ali ndi mtengo wakewake wolembedwa dzina lake. Ngati zidatheka kumeneko, sindiona chifukwa choti zilephereke kuno, ndipo sindiona malo ena oyenera kuposa Mangochi, pamene anthuwo adatulira ndi kusenzera akatundu awo, pafupi ndi alendo amene adadya chakudya chimene iwo adanyamula. Pofunafuna palipo: makalata a boma la South Nyasa, monga linkatchulidwira dera lino, angafufuzidwe ku National Archives ku Zomba, mabuku akale a mishoni za Malindi ndi kwa Mponda angatsegulidwe, mawu a nkhalamba zimene Page adacheza nazo adasindikizidwa. Koma ambiri mwa maina amenewa sali papepala, ndipo Mngerezi sangawapeze ngakhale atafuna ndi mtima wonse. Ali m'mitu ya eni mbumba. Mutu umodzi susenza denga. Pafunika kuti Mponda, Makanjira, Jalasi, Chimwala, Nankumba, Katuli ndi mafumu anzawo aitane magulupu ndi anyakwawa awo, pamodzi ndi mashehe, abusa ndi aphunzitsi, kuti mudzi uliwonse ukhale pansi, banja ndi banja lifunsidwe kuti ndani wa kwanu adatengedwa pa Chiwaya osabwerako, mlembi nalemba dzina, mudzi ndi mfumu yake. Amene angayankhe funso limeneli ndi aja adalimva dzinalo kuchokera pakamwa pa agogo awo aakazi, ndipo iwowo tsopano ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80.